Mpanda wa Nkhadze wa Dainess

1. Mbuzi zamwano

Chaka chimenecho mbuzi za m'mudzi mwa Dainess, kufupi ndi Chinakanaka, zinali zamwano kuposa eni ake. Anthu atangokolola chimanga anazimasula zingwe monga mwa masiku onse, ndipo izo zinayamba kuyendera minda ya eni ngati akapitawo a ku esiteti ya tiyi. Nandolo zinkabudula, masamba a chinangwa zinkamaliza, ngakhale malaya oyanika pa udzu zinkawalawako.

Dainess anali mtsikana wa Sitandade 7, wamanja olimba ndi mtima wofulumira. Bambo ake anapita ku migodi ya ku Joni iye asanayambe sukulu, ndipo chipitireni sanabwerenso. Pakhomo anatsala awiri, iye ndi mayi ake, a Esteri.

Chuma chawo chonse chinali munda umodzi wotsetsereka. Kumtunda kwake kunali nyumba, chinangwa ndi nandolo. Kumunsi, m'mbali mwa kamtsinje, kunali dimba la dothi lakuda, losauma ngakhale m'chilimwe. Nthochi, nzimbe, mpiru ndi tomato zonse zinkachokera mmenemo. Popanda dimba limenelo, pakhomo pa a Esteri sipakanafuka utsi.

Kumapeto kwa dimbalo kunali chulu, ndipo pachulupo panali mtengo waukulu wa nkhadze. Unalibe masamba ooneka, koma tinthambi tobiriwira tangati zala za mwana. Anaubzala agogo awo a a Esteri atangofika kuchokera kutsidya la malire, kwa Apwitikizi. Kuseri kwa mtengowo ndiko kunkayambira munda wa a Marjory, akazi a atsibweni ake a Dainess.

Atsibweniwo anali a Pilato, mlongo wawo wa a Esteri wa bere limodzi. Iwo ndiwo anali mwinimbumba, woyang'anira alongo awo, ana awo ndi minda yawo. Analinso tcheyamani wa chipani m'mudzimo, ndipo jekete ya baji sinkachoka m'thupi mwawo ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Dainess ankawakonda kwambiri. Ndiwo ankamukweza pa njinga kupita naye ku Chitakale ali wamng'ono, ndiwonso anamugulira yunifolomu yake yoyamba.

M'nyengo ya chiperoni, phiri la Mulanje litabisala m'mitambo, a Esteri anayamba kutsokomola osalekeza. Ku chipatala cha ku boma anawapeza ndi chifuwa chachikulu, n'kuwauza kuti agonekedwa miyezi ingapo. Tsiku lonyamuka anaitana mwana wawo pakhonde.

"Dainess, ndikupita, koma sindikudziwa kuti akandisunga mpaka liti," anatero a Esteri. "Uzikadya ndi kugona kwa atsibweni ako. Kukacha uzibwera kudzasesa pano, nyumba yosasesa imaitana njoka. Dimba uzithirira usanapite ku sukulu. Koma imva ichi bwinobwino. M'mundamu usasinthe kanthu. Mzere ukhale pomwe uli, njira ikhale pomwe ili. Munda si nsalu yoti ukaing'amba molakwa usokanso. Chilichonse chokhudza munda uno undidikire ine, akuuze ndani kaya ndani."

"Ndamva, amayi," anayankha Dainess.

Anamvadi, koma ndi khutu limodzi, chifukwa linalo linali pa mbuzi yomwe inkalira kuseri kwa nyumba.

2. Nzeru za atsibweni

Patapita milungu ingapo, Dainess atabwera ku sukulu anapeza mbuzi zitachita phwando m'chinangwa. Anazithamangitsa ndi miyala mpaka kutopa, kenaka anakhala pamzere n'kuyamba kulira. A Pilato anamupeza ali choncho. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango n'kupukusa mutu.

"Misozi siitchinga mbuzi, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Munda uno ukufunika mpanda wa nkhadze. Mbewu yake sitikagula, ili pachulu apo. Mtengo wa agogo uja nthambi zake zingatchinge munda wonse."

Dainess anapukuta m'maso. "Ndiye tizunguliza mpaka ku mtsinje, atsibweni?"

"Ayi. Kudimba n'konyowa, nkhadze imaola m'chinyontho. Suona agogo anaibzala pachulu? Iwe utchinge kumtunda kuno. Mzere udutse apa, pamene chinangwa chalekeza. Dimba ndidzatchinga ndekha ndi nsungwi."

Mawuwo anali anzeru, ndipo mbali ina anali oona. Bodza limene limaluma kwambiri ndi lomwe lasakanizidwa ndi choonadi.

"Koma amayi anati ndisasinthe kanthu m'mundamu," anatero Dainess.

A Pilato anaseka. "Mayi ako ndi mlongo wa yani? Mwinimbumba pano ndani? Munthu wodwala sitimutopetsa ndi nkhani za mbuzi. Taganiza tsiku lotuluka, adzapeze chinangwa chawo chili gwa, mpanda uli bii, n'kumva kuti wabzala ndi mwana wawo. Kodi sadzachira tsiku lomwelo? Koma usamalengeze kwa anthu. Nkhani ingakafike ku chipatala msanga, chisangalalo n'kutha."

Dainess analiona tsikulo m'maso mwake, mayi ake akumwetulira. Anavomera.

Ana sankaloledwa kulowa m'chipinda cha odwala chifuwa, choncho a Pilato okha ndiwo ankapita kukazonda. Nthawi zonse ankabwera ndi uthenga umodzimodzi: "Akupezako bwino. Akuti uzimvera atsibweni ako." Madzulo a tsiku limene Dainess anavomera, a Pilato anadula zikhomo n'kuzikhoma modutsa munda, pakati pa chinangwa ndi dimba. Koma nkhadze anati sangaigwire, poti utomoni wake unkawatulutsa zidzolo.

3. Diso la a Filipo

Dainess sankadziwa kabzalidwe ka nkhadze. Anapita kumtunda kwa mudzi kwa a Filipo, nkhalamba ya diso limodzi yomwe inagwira ntchito yodulira mipanda ku esiteti zaka zambiri. Anawapeza akusenda nyemba za kalongonda pamkeka. Anagwada n'kupereka moni, kenaka ananena chimene anadzera.

"Nkhadze ndi mtengo wosavuta, koma ndi waukali," anayamba a Filipo. "Ukamadula, mphepo izikhala kumbuyo kwako. Utomoni wakewo usauone kuyera ngati mkaka. Diso langali linapita ndi kadontho kamodzi, ndili mnyamata. Ndinangopukuta thukuta ndi dzanja, basi. Pamene anzanga ankapeza mayi woyamwitsa woti andikamire mkaka m'diso, n'kuti moto utamaliza kale ntchito yake. Tsono iwe ukagwira nkhadze, nkhope yako uiiwale. Ikuyabwe bwanji, usaikande mpaka utasamba m'manja ndi phulusa."

Dainess anayang'ana diso loyeralo n'kuzyolika.

"Ukadula usathamangire kubzala," anapitiriza a Filipo. "Nthambizo uzigoneke pamthunzi masiku angapo kuti mabala aume. Ukabzala bala likadali laliwisi, imaola. Kuno kwathu mvula ndi yambiri, ndiye uunde mzere wautali, uzibzale pamwamba pake mothithikana, kuti ngakhale kamwana ka mbuzi kasapeze polowera. Ndipo usathirire. Ana inu mumayesa chikondi ndi madzi. Nkhadze imafuna ludzu kuti itulutse mizu."

Anataya makoko a kalongonda kumbali, n'kumuyang'ana ndi diso lawo labwino lija.

"Koma ukubzala pati?"

Dainess anakumbukira mawu a atsibweni ake. "Pakhomo, agogo. Pozungulira khola la nkhuku."

"Ngati ndi pakhomo, bzala," anatero a Filipo. "Nkhadze ya pakhomo ndi mpanda chabe. Koma ya m'munda ndi mboni. Makolo athu atafika m'dziko lino analibe mapepala. Ankabzala nkhadze chifukwa chilala sichiipha, ndipo munthu akamwalira iyo imatsala ikulankhula. Munthu akabzala mzere wa nkhadze m'munda ndi manja ake, wanena pamaso pa mudzi wonse kuti, 'Wanga walekeza apa.' N'chifukwa chake sabzala munthu ali yekha. Pamakhala mwini munda, pamakhala mwini wa munda woyandikana nawo, pamakhalanso akuluakulu oonerera. Ine ndaona abale a bere limodzi akusiya kupalirana moto chifukwa cha tinthambi timeneti. Wandimva, mdzukulu wanga?"

"Ndamva, agogo."

Apa ndiye panali poti Dainess anene zoona, ndipo mawu anafika pakhosi. Koma anawameza. Kodi amene anakhoma zikhomo zija si mwinimbumba yemwe? Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Dainess anangosisita khutulo n'kutsanzika.

Mlungu womwewo a Filipo anapita kwa mwana wawo ku Likhubula, kukakhalako mpaka mvula itayamba.

4. Ntchito ya manja ake

Kunena zoona, palibe mpanda m'mudzimo umene unasamalidwa ngati wa Dainess.

Loweruka lililonse ankakwera pachulu ndi chikwanje, mphepo ili kumbuyo, mpango atamanga pamphumi kuti thukuta lisatsikire m'maso. Utomoni unkadontha ngati mtengowo ukulira. M'manja munatuluka matuza, koma nkhope sanaigwire ngakhale kamodzi. Nthambi ankazigoneka pansi pa mango mpaka mabala atauma, kenaka n'kuziimika pamzere wautali umene anaunda motsata zikhomo za atsibweni ake.

Zina zinaola, anazichotsa n'kubwezeramo zina. Zina mbuzi zinazigwetsa, anaziimikanso n'kuzimangirira ku nsungwi yopingasa. Dzuwa litafika poumitsa nthaka, manja ankamuyabwa kuti atenge ndowa, koma anakumbukira za ludzu lija n'kuzisiya.

A Pilato ankabwera kawirikawiri, ndipo sankabwera okha. Lero ali ndi akuluakulu a mpingo, mawa ali ndi anzawo a chipani.

"Taonani mwana wa mlongo wanga!" ankatero mokweza mawu. "Akubzala yekha mpanda wa munda wa mayi ake. Palibe womuthandiza, palibe womukakamiza. Dainess, tawauza, wabzala ndani apa?"

"Ndine, atsibweni," ankayankha Dainess, mano onse ali pamtunda.

Atafika pa kanjira kotsikira kudimba, anafuna kusiya khomo. A Pilato anakana.

"Khomo la munthu ndi khomo la mbuzi," anatero. "Tseka. Ukafuna kupita kudimba uzizungulira kumsewu. Komanso iwe mayeso ayandikira. A Marjory azikuthiririrako dimbalo, munda wawo uli pafupi."

Dainess anathokoza mpaka kuomba m'manja. Kuzungulira kumsewu kunali kutali, ndipo pang'onopang'ono anasiya kutsikirako. Anthu opita kukatunga madzi anazolowera kuona a Marjory ndi ang'ono awo ali m'dimba la a Esteri.

Mpanda utatha, mtengo wa pachulu unatsala mbulanda, thunthu lokha ndi nthambi zochepa. Tsiku lina Dainess atasuzumira pamwamba pa mpanda wake anaona kuti pachulu palibe kanthu. Anafunsa atsibweni ake.

"Ndautumira anthu augwetse," anatero a Pilato. "Unali utafooka, ukanagwera ana. Usadandaule, ana ake si awa wabzalawa?"

Dainess anamva chisoni, koma chisonicho sichinagone. Mvula yoyamba itagwa, nsonga za nkhadze zake zinatulutsa tinthambi tatsopano tobiriwira, tofewa. Anagwedeza imodzi, inakana kusuntha. Mizu inali itagwira.

5. Kubwera kwa a Esteri

A Esteri anatuluka m'chipatala mvula itagwa kachiwiri. Anatsika basi pa Chinakanaka ataonda, chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno. Dainess anawalandira kathumba, ndipo njira yonse ankangomwetulira ngati wabisa nsomba m'thumba.

Sanawalole n'komwe kukhala pansi. "Amayi, tabwerani muone kaye!"

Anawatsogolera kuseri kwa nyumba. Chinangwa chinali chitaphukanso masamba, osadyedwa ndi mbuzi. Kumunsi kwake mpanda unayenda mowongoka kuchokera mbali ina ya munda kufika mbali inayo, wobiriwira, wopanda mpata.

"Ndabzala ndekha, amayi," anatero Dainess. "Palibe anandithandiza."

A Esteri anayenda pang'onopang'ono mpaka pampandapo n'kuyang'ana kutsidya kwake. M'dimba munali a Marjory ndi ang'ono awo awiri. Mpiru anali atazula, ndipo ankabzala chimanga chawo. Maso a a Esteri anapita pachulu. Kenaka anakhala pansi pamatope.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "wachita chiyani?"

Dainess asanayankhe, belu la njinga linalira. Anali a Pilato, jekete ya baji ili m'thupi.

"Mwafika, achemwali? Tithokoze Mulungu."

"Achimwene, alamu anga akutani m'dimba mwanga?"

"M'dimba mwanu?" A Pilato anachita ngati adabwa. "Malire si awa mwatsamirawa? Kumunsiko ndi kwa a Marjory. Amayi athu ankangobwereka kalekale, inu munali mwana simungakumbuke."

"Bodza! Malire ndi nkhadze ya agogo pachulu!"

"Nkhadze iti? Ine ndikuona chulu chabe. Nkhadze imene ndikuiona ndi iyi. Ndipo sindinabzale ine. Manja angawa sanagwireko ngakhale kanthambi. Mudzi wonse unaona mwana wa mwini munda akubzala yekha, osasiya ngakhale khomo. Munthu angatseke njira yopita kudimba lake?"

Dainess anamva ngati nthaka yatsetsereka pansi pa mapazi ake. Zikhomo zija, alendo aja, funso lija lakuti wabzala ndani, zonse zinabwera pamodzi n'kugwirana ngati mpanda womwewo.

"Atsibweni, munati ndi mpanda wa mbuzi!" anakuwa. "Munati dimba mudzatchinga ndi nsungwi!"

"Ndinatero pamaso pa yani?" anafunsa a Pilato mofatsa, osamuyang'ana n'komwe.

Mawu amenewa anamupweteka Dainess kuposa matuza onse a m'manja mwake. Munthu amene anamukweza pa njinga, amene ankadya naye m'nyumba imodzi miyezi yonseyi, anali akumudyera masuku pamutu kuyambira tsiku limene anamupeza akulira. Ngakhale misozi yake ija anaigwiritsa ntchito.

"Ndikadandaula," anatero a Esteri, chifuwa chikuwadula mawu.

"Pitani," anayankha a Pilato. "Koma pabwalo mkazi amamuyankhulira ndi mwinimbumba wake. Mukandiitane, ndidzabwera. Ana anga nawonso amadya, achemwali."

Anakwera njinga n'kulowera kumsewu. A Esteri anayang'ana mwana wawo. Sanamukalipire, sanamumenye. Anangoti, "Ndinakupempha chinthu chimodzi, Dainess." Kukanakhala bwino akanatenga ndodo.

6. Chitsa cha pachulu

M'mawa mwake Dainess sanapite ku sukulu. Anatenga chikwanje n'kulunjika kumpanda, osamanga mpango, osaona komwe mphepo ikuchokera. Anali atakweza dzanja pamene mawu anamveka kumbuyo kwake.

"Tsitsa chimenecho!"

Anali a Filipo. Anali atabwerako ku Likhubula, ndipo nkhani inali itawapeza kale. Anafika ndi ndodo yawo, akupuma mwa befu.

"Khola la nkhuku lako ndi lalikulu ndithu," anatero akuyang'ana mpandawo. Dainess anagwetsa nkhope.

"Ndinakunamizani, agogo. Tsopano ndikufuna ndiudule wonse."

"Udule ndi mtima umenewo? Mphepo ikuomba kumaso kwako. Usanafike pakati udzakhala utafanana ndi ine, mwinanso kundiposa. Ndipo ukadula upindulanji? Nkhadze ukaitema, kanthambi kalikonse kamamera pomwe kagwera. Udzangoonjezera mpanda. Chachikulu n'chakuti wodula nkhadze ya m'malire mlandu usanakambidwe amagwa nawo mlanduwo asanatsegule pakamwa. Atsibweni ako akudikira chimenecho. Anagwiritsa ntchito chikondi chako, tsopano akufuna agwiritse ntchito ukali wako. Usawapatse zonse ziwiri."

Chikwanje chinatsika. Dainess anayamba kulira. "Ndiye dimba lapita, agogo? Ndapereka ndekha?"

"Mtengo wa pachulu uja anaugwetsa, kapena anauzula?"

"Anaugwetsa."

"Chitsa chilipo?"

"Sindikudziwa. Anaunjikapo zinyalala."

A Filipo anagogoda pansi ndi ndodo. "Pilato anakulira pa njinga, mitengo saidziwa. Nkhadze yakale siifa ndi nkhwangwa. Mvula yagwa kawiri. Ngati chitsacho chilipo, chaphuka. Ndipo chitsa chachikulu ngati mtondo sichingafanane ndi tinthambi tako ta dzulodzuloti. Aliyense wa maso adzaona kuti mboni yakale ndi iti. Ine ndi diso limodzi lomweli ndidzaimirira pabwalo n'kunena amene anaubzala. Pita ukaone. Ine ndikatenge mayi ako."

Dainess anataya chikwanje n'kuthamanga. Njira yozungulira kumsewu sinatalikepo ngati tsiku limenelo, ndipo amene anaitalikitsa anali iye mwini. Anadutsa pamsewu, anatsetsereka m'mbali mwa kamtsinje, anapyola m'nzimbe za mayi ake.

Pachulu panali munthu.

A Pilato anali atavula jekete n'kuipachika pa nthochi. Mvula imene inauza a Filipo za chitsa inali itawauzanso iwo. Zinyalala anali atazikankhira pambali, ndipo chitsa chinali poyera, chachikulu, chotuwa. Mozungulira m'mphepete mwake munali timphukira tobiriwira, toongoka ngati zala. Pambali panali mtolo wa mapesi ouma ndi botolo la parafini.

Dainess sanaganize kawiri. Anakwera chulu n'kukhala pachitsapo, miyendo atapinda mosamala kuti asathyole mphukira ngakhale imodzi.

"Choka apo," anatero a Pilato.

"Sindichoka, atsibweni."

"Ukuyankha ine?"

"Munandiuza kuti ndisamale nkhadze. Ndikusamala."

A Marjory ndi ang'ono awo anaimika makasu. Amayi awiri amene ankatunga madzi anatula ndowa zawo n'kuyang'ana. A Pilato anaona maso onsewo, ndipo anabweza machesi m'thumba. Anatenga jekete yawo, anaivala, n'kukonza baji ndi chala. Kenaka anayandikira, n'kulankhula motsitsa kuti amve Dainess yekha.

"Mayi ako agona m'chipatala miyezi yonseyi. Khadi la chipani la chaka chino ali nalo?"

Dainess ankadziwa yankho lake, ndipo a Pilato ankalidziwanso, poti makadi m'mudzimo ankagulitsa ndi iwo. Ankadziwanso zimene zinkachitikira munthu amene tcheyamani wamuloza chala kuti akukana khadi.

"Mawa anyamata achipani ayenda khomo ndi khomo," anapitiriza a Pilato. "Ukadzuka pachitsapo, ine ndiiwala. Ukakhala, ndikumbukira. Munthu wa chifuwa ngati chimenechija sangapirire kumene angakamutengere. Sankha wekha, ndiwe mwana wanzeru."

Dainess anakweza maso. Kumtunda, kuseri kwa mpanda wake wokongola, mayi ake ankafunafuna polowera m'dimba lawo lomwe. Sanapapeze. Anatembenukira kumsewu atagwira phewa la a Filipo, akuima pang'onopang'ono kuti atsokomole.

"Ndikudikira," anatero a Pilato.

Kamphukira kamodzi kankamukhudza pa chidendene, kozizira ndi mame. Misozi ya Dainess inkatsika osaipukuta. Anagwira chitsacho ndi manja onse awiri, ndipo sanadzuke.